Digiri ya unamwino satenga munthu mmodzi

N'kovuta kupeza banja lachimalawi kuno ku West Midlands lomwe silikudziwa munthu amene akuphunzira unamwino, amene anamaliza, kapena amene anayamba n'kulekera panjira. Tikasonkhana pa ukwati kapena pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu cha pa 6 July, mipando ina imakhala yopanda anthu, ndipo tikafunsa timangomva kuti eni ake ali ku placement. Ena timadandaula kuti anzathuwo ayamba kudzimva. Koma ndi angati mwa ife amene tikudziwa bwino zomwe wophunzira unamwino amadutsamo m'zaka zitatu zimenezi? Tati tikambirane nkhaniyi poyera, chifukwa ambiri amene amalekera panjira si kuti nzeru zawachepera ayi. Chimawachepera ndi nthawi, ndalama, tulo ndi anthu owagwira mkono.

Magulu atatu, ulendo umodzi

Oyamba kufika anali anamwino ophunzira kale kumudzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, chaka chilichonse anamwino makumi angapo ochokera ku Malawi amalembetsa mayina awo ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba kuno, lomwe kuyambira 2002 limatchedwa Nursing and Midwifery Council, mwachidule NMC. Ambiri anali ochokera ku Kamuzu College of Nursing, sukulu yomwe inatsegulidwa mu 1979 ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi College of Medicine kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Anthu amenewa anali atagwira kale ntchito ku Gulupu, ku Kamuzu Central kapena ku Zomba, komabe anayenera kukhala miyezi ingapo akuyang'aniridwa ngati ophunzira asanaloledwe kugwira ntchito paokha. Kuyambira 2014 njira inasintha: wochokera kunja amalemba mayeso a pa kompyuta, kenako mayeso osonyeza luso pamaso pa oyesa otchedwa OSCE.

Gulu lachiwiri ndi la amayi ndi abambo amene anabwera pa zifukwa zina, n'kugwira ntchito ya care kwa zaka zambiri, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba, mpaka mapepala awo atakhazikika. Amenewa amabwerera m'kalasi ali ndi zaka 35, 40 kapena kuposerapo, ana ali pamsana, lendi ikudikira. Gulu lachitatu ndi la ana athu obadwira kapena okulira konkuno, omwe amachoka ku A level n'kulowa ku yunivesite ali ndi zaka 18. Mavuto a magulu atatuwa ndi osiyana, koma onse amakumana pa wodi imodzi.

Khomo lolowera

Mdera lathu lino muli sukulu zingapo zophunzitsa unamwino. Pali Birmingham City University, yomwe akalekale amaidziwa ndi dzina loti UCE lomwe linasinthidwa mu 2007, University of Birmingham, University of Wolverhampton yomwe ili ndi nthambi ku Walsall, komanso Coventry University. Kuyambira 2013, aliyense wofuna kukhala namwino wolembetsedwa ku England ayenera kutenga digiri. Dipuloma yakale ija inatha. Wophunzira amasankha nthambi imodzi mwa zinayi: kusamalira akuluakulu, ana, odwala maganizo, kapena anthu omwe ali ndi vuto la kuphunzira.

Kwa ife amene tinalemba MSCE kalekale, njira yodziwika ndi ya Access to Higher Education Diploma, yomwe nthawi zambiri imatenga chaka chimodzi ku koleji. Pamafunikanso Chingerezi ndi masamu a mulingo wa GCSE, kapena Functional Skills Level 2 kumene amaivomera. Kalata yofunsira malo imadzera ku UCAS, kenako pamakhala intavyu, kufufuzidwa ngati munthu ali ndi mlandu kudzera ku DBS, ndi kupimidwa mthupi pamodzi ndi katemera monga wa matenda a chiwindi a hepatitis B. Palinso njira ya apprenticeship yomwe inayamba mu 2017, pomwe munthu amaphunzira ali pa ntchito ndipo amalandira malipiro, ngakhale imatenga nthawi yotalikirapo ndipo malo ake ndi ochepa. Amene muli kale pa ntchito m'zipatala za NHS, funsani mabwana anu za njira imeneyi. Safunsa anadya phula.

Maola amene sakambidwa

Malamulo a NMC a 2018, omwe anawaunikanso mu 2023, anati maphunziro onse akhale a maola 4,600. Theka lake, maola 2,300, ndi la kuphunzira pogwira ntchito, ndipo gawo lalikulu la maola amenewa limachitikira pakati pa odwala enieni. Ukagawa 2,300 ndi maola 37.5 a sabata ya ntchito, umapeza masabata oposa 60. Ndiye kuti pa zaka zitatu, wophunzira amagwira ntchito yoposa chaka chathunthu popanda malipiro.

Ola lililonse limalembedwa ndi kusainidwa. Ukadwala chimfine masiku atatu, maolawo umadzabweza. Mwana akadwala, umadzabweza. Ukapita kumudzi kukaika maliro a mayi ako, umadzabwezanso, ndipo nthawi zina zimenezi zimachititsa kuti usamalize pamodzi ndi anzako. Apa ndi pamene maphunziro amenewa amasiyanirana ndi ena. Wophunzira za malonda akajomba sabata imodzi amabwereka manotsi. Wophunzira unamwino sangabwereke maola.

Malo a placement sasankha wophunzira. Wokhala ku Erdington akhoza kutumizidwa ku Queen Elizabeth ku Edgbaston, ku Heartlands, ku Good Hope ku Sutton Coldfield kapena ku Solihull. Wa ku Black Country akhoza kupezeka ku New Cross ku Wolverhampton, ku Walsall Manor, ku Russells Hall ku Dudley, kapena ku Midland Metropolitan ku Smethwick, chipatala chomwe chinatsegulidwa mu October 2024. Shifiti yaitali imayamba cha m'ma 7 koloko m'mawa n'kutha cha m'ma hafu 7 usiku. Kwa munthu wodalira mabasi awiri, ndiye kuti kudzuka 5 koloko isanakwane. M'mwezi wa December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, choncho munthu amachoka kunyumba kuli mdima, n'kubwerako kuli mdima, ana atagona kale. Pali mashifiti a usiku, a Loweruka ndi a Lamulungu. Ndipo pa tebulo pamakhala pakudikira asayimenti ya mawu 3,000 yomwe tsiku lake loperekera silisuntha.

Palinso masamu a mankhwala. Dokotala akalemba mamiligiramu 750 pomwe botolo lili ndi mamiligiramu 250 pa mamililita 5 alionse, namwino ayenera kudziwa mosakayika kuti apereke mamililita 15. Pa mayeso omaliza a masamu amenewa palibe kukhoza ndi 70 kapena 90. NMC imafuna 100 pa 100. Zimaoneka ngati nkhanza, koma kadontho kamodzi kakasokonekera pa nambala, mwana wa munthu amalandira mankhwala ochuluka kakhumi.

Nkhani ya m'thumba

Amene anaphunzira chaka cha 2017 chisanafike anali ndi mwayi: boma limalipira fizi ndi kupereka bursary. Kuyambira August 2017 thandizoli linachotsedwa kwa ophunzira atsopano ku England, ndipo anayamba kutenga ngongole ngati ophunzira ena onse. Fizi inali £9,250 pa chaka, ndipo mu 2025 inakwera kufika £9,535. Mu September 2020 boma linabweretsa thandizo lina losabweza kudzera mu NHS Learning Support Fund: £5,000 pa chaka kwa wophunzira aliyense woyenera, £2,000 yowonjezera kwa amene ali ndi mwana, ndi £1,000 ina kwa ophunzira nthambi zosowa anthu monga ya odwala maganizo. Thumba lomweli limabweza ndalama zoyendera kupita ku placement zomwe zapitirira zomwe munthu amawononga popita ku yunivesite, koma umayamba walipira wekha, n'kusunga matikiti, n'kudikira. Ambiri amataya ndalama zimenezi chifukwa chongotopa ndi mafomu.

Pali zina zomwe anzathu ambiri sadziwa. Wophunzira wa nthawi zonse sawerengedwa pa council tax. Amene ali ndi ana akhoza kufunsira Childcare Grant ku Student Finance England. Ndipo munthu yemwe ali kale ndi digiri ina akhoza kupatsidwabe ngongole yophunzirira unamwino, zomwe siziloledwa pa maphunziro ena ambiri.

Koma zonsezi zimadalira mapepala. Amene alibe chilolezo chokhazikika, monga ambiri okhala pa viza ya ntchito ya care, amawerengedwa ngati ophunzira ochokera kunja: fizi yawo ndi yokwera kwambiri, ndipo ngongole ya boma ndi thandizo la NHS lija sapatsidwa. Wa viza ya sukulu amaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sukulu ili mkati, ndipo kuyambira January 2024 ophunzira ambiri saloledwa kubweretsa mabanja awo. Musanalipire kakobiri kalikonse, pitani ku ofesi ya yunivesite mukafunse kuti akuikani m'gulu liti.

Choncho ambiri amachoka pa wodi Lachisanu n'kukagwira shifiti ya malipiro ku nyumba ya okalamba Loweruka ndi Lamulungu. Pamwamba pa izi foni yochokera kumudzi siileka kulira: fizi ya mwana wa achimwene, feteleza, denga lasasuka ndi mphepo, mankhwala a agogo. Kumudzi akamva kuti uli ku chipatala ku Mangalande amati basi, walemera. Kuwafotokozera kuti ukugwira ntchito maola 12 osalandira kanthu kuli ngati kunama. Mu 2018 magazini ya Nursing Standard pamodzi ndi bungwe la Health Foundation anapeza kuti pafupifupi wophunzira unamwino mmodzi mwa anayi alionse ku UK amasiya kapena kuimitsa maphunziro ake. Ena mwa amenewa ndi athu, ndipo timawadziwa.

Zomwe buku silinena

Kwathu wodwala akagonekedwa m'chipatala amapita ndi gadiyani. Mayi, mlongo kapena azakhali ndi amene amamusambitsa, kumuphikira phala, kumuchapira ndi kugona pansi pafupi ndi bedi lake. Kuno kulibe zimenezo. Abale amabwera pa nthawi yoona odwala n'kumapita, ndipo ntchito yonse ya gadiyani imagwera anamwino, othandizira awo ndi ophunzira. Mtsikana wa zaka 19 yemwe analeredwa kuti sangalowe ngakhale kuchipinda kwa bambo ake amapezeka akusambitsa gogo wamwamuna wa zaka 85 pa sabata yake yoyamba. Amene anayamba ndi ntchito ya care savutika nazo. Ndipo apa ndi pamene amayi aja obwerera kusukulu mochedwa amaposera achinyamata.

Ulemu nawo umatembenuka. Ife tinaphunzitsidwa kuti wamkulu satchulidwa dzina, ndiponso sayang'anidwa m'maso. Kuno gogo amakuuza yekha kuti umutchule dzina lake loyamba, ndipo ukamayang'ana pansi, wokuyesa akhoza kulemba kuti ndiwe wamanyazi kapena sukudzidalira. Kukhala chete pamaso pa dokotala, komwe kwathu ndi khalidwe, kuno kumaoneka ngati sukutsatira.

Nanga chilankhulo? Tonse tinabwera tikudziwa Chingerezi, koma cha ku Dudley ndi ku Tipton sitinachiphunzire ku sekondale. Gogo akakuitana kuti "bab" akukukonda. Akanena kuti akufuna "to spend a penny" sakupempha ndalama, akufuna kupita kuchimbudzi. Akafunsa za "tea" nthawi zambiri akunena chakudya chamadzulo. Ndipo pa nthawi yopatsirana odwala, anamwino amayankhula mwachangu ndi zilembo zachidule zokhazokha. Mankhwala ake ndi amodzi: kabuku kakang'ono m'thumba, ndi kulimba mtima kunena kuti sindinamve, bwerezani.

Chovuta koposa ndi imfa yoyamba. Kwathu kusambitsa maliro ndi ntchito ya adzukulu ndi akuluakulu, ndipo nyumba imadzaza ndi anthu olira. Kuno anamwino awiri amatseka makatani, amasambitsa thupi mwakachetechete, kenako n'kupita kukayankha belu la bedi lina. Nthawi zina munthu amamwalira popanda mbale aliyense pafupi, dzanja lake lili m'dzanja la wophunzira. Kwa Mmalawi zimenezi zimalasa mtima, makamaka iye amene makolo ake anamwalira kumudzi iye kulibe. Woteroyo akafika kunyumba asamangouzidwa kuti limba mtima. Amafuna womumvetsera. Mayunivesite onse ali ndi alangizi a za maganizo aulere, ndipo kupitako si kufooka.

Kuyankhula pamene zinthu zalakwika

Malamulo amati wophunzira asawerengedwe pa chiwerengero cha ogwira ntchito pa wodi, chifukwa wabwera kudzaphunzira. Koma wodi ikachepa anthu, wophunzira amatha tsiku lonse akuyala mabedi, luso lomwe amayenera kusainitsa osaliona n'komwe. Ena mwa ana athu anakumanapo ndi wodwala wokana kugwiridwa ndi munthu wakuda, kapena wowayang'anira amene amawaiwala dzina mpaka placement kutha. Mwachibadwa ife timati tingopirira, zidutsa. Koma kupirira kwina kumalepheretsa mayeso.

Wophunzira aliyense ali ndi womuyang'anira pa wodi, womuyesa pa wodi, ndi womuyesa wa ku yunivesite. Vuto likayamba, auzidwe msanga, molemba, osadikira sabata yomaliza. Mabungwe a Royal College of Nursing ndi Unison amalandira ophunzira pa mtengo wochepa ndipo amawaimira pakagwa nkhani. Dziko lino linaphunzira mowawa kuopsa kokhala chete: lipoti la Robert Francis la 2013 lokhudza chipatala cha Stafford, pafupi nafe pompano, linaonetsa momwe odwala anavutikira pamene madandaulo sanamvedwe. Pambuyo pake zipatala za NHS ku England zinaika anthu apadera olandira nkhawa za ogwira ntchito, otchedwa Freedom to Speak Up Guardian, ndipo ophunzira nawonso ali ndi ufulu wowaona.

Zokoma zake

Walira mvula walira matope, koma mvula yomweyo ndi imene imabweretsa dzinthu. Limafika tsiku lomwe wophunzira amaona yekha kuti mpweya wa wodwala wasintha, n'kuwerengera pa tchati cha NEWS2, n'kuitana dokotala nthawi isanathe. Limafika tsiku lomwe gogo amene anabwera pa machira atadwala sitiroko amatuluka akuyenda ndi ndodo. Zimenezi palibe angakulande.

Akamaliza, munthu amalandira nambala yake ya PIN ku NMC n'kuyamba pa Band 5, yomwe mu chaka cha 2025/26 inkayambira pa £31,049 ku England, kuphatikiza zowonjezera za usiku ndi za kumapeto kwa sabata, ndi penshoni ya NHS. Si chuma chodabwitsa, ndipo mu December 2022 anamwino a Royal College of Nursing ananyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro. Mu 2025 ambiri omaliza kumene anavutikanso kupeza malo msanga. Komabe kwa munthu amene wakhala zaka khumi akudikira foni ya ejensi kuti adziwe ngati mawa kuli shifiti, kusiyana kwake ndi kwakukulu. Njira zopitira patsogolo ziliponso: unamwino wa m'madera, wa ku ICU, wa ku fiyeta, uphunzitsi kapena kafukufuku.

Sitili oyamba kuyenda njira imeneyi. Nyumba yomwe ophunzira unamwino a Birmingham City University amaphunziriramo ku Edgbaston ili ndi dzina la Mary Seacole, mayi wa ku Jamaica amene anakasamalira asilikali ku nkhondo ya ku Crimea mu 1855. Dame Elizabeth Anionwu, wobadwira mu Birmingham muno mu 1947, bambo ake a ku Nigeria, ndiye anali namwino woyamba m'dziko lino kukhala katswiri wa matenda a sickle cell, ndipo mu 1979 anathandiza kutsegula malo olangizira odwala matendawa ku Brent mu London. Kuyambira pomwe NHS inayamba mu 1948, manja a anthu obwera akhala akuinyamula.

Kumudzi nako sitikuiwala. Kuchoka kwa anamwino kunali chimodzi mwa zomwe zinachititsa boma la Malawi, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, kuyambitsa ndondomeko yapadera yomwe mu 2005 inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Malawi pa mndandanda wa mayiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala, ndipo malamulo a kuno amaletsa mabungwe kupita kukakopa anamwino m'mayiko oterewa. Namwino wophunzira konkuno sachotsa munthu pa wodi ya ku Ntcheu kapena ku Rumphi, ndipo luso lake tsiku lina likhoza kukathandiza kwathu.

Mbali yathu

Mutu umodzi susenza denga. Ngati mnzathu ali pa maphunziro amenewa, tiyeni timupepukitsire katundu m'njira zooneka. Amene tili ndi galimoto ndipo timadutsa njira ya ku chipatala m'mamawa, timutenge. Amene timakatenga ana athu kusukulu, titengenso ake. Tikaphika ndiwo zambiri Lamulungu, mbale imodzi ipite kwa iye. Pa chipereganyu timuike poyambirira pamene placement ikuyamba, kapena timulole apereke zochepa. Pa zopereka za maliro ndi za maukwati tisamuwerengere ngati munthu wa pa ntchito, ndipo tisamusankhe kukhala mlembi wa komiti m'chaka chake chomaliza.

Abambo amene akazi anu ali pa sukulu, zaka zitatu zophika nsima ndi kusambitsa ana sizinaphepo munthu. Digiriyo ikadzabwera idzadyetsa nyumba yonse. Amayi amene amuna anu asankha unamwino, musalole anthu aziwaseka, ntchitoyi ilibe kuti ya akazi. Makolo, mwana akanena kuti watopa musamuyankhe ndi nkhani ya mtunda womwe inu munkayenda popita kusukulu. Mufunseni kuti wadya chiyani ndipo wagona maola angati. Tikamayankhula ndi abale kumudzi, tiwathandize kumvetsa kuti ndalama zichepa kwa kanthawi.

Ndipo inu anamwino akale, amene munadutsa kale m'zimenezi, muli ndi chuma chomwe sitingachigule. Ola limodzi pa mwezi lokhala pansi ndi wophunzira, kumuyesa masamu a mankhwala, kumumvetsera akuyeseza kupereka lipoti la wodwala, kapena kumuuza kuti nanunso munalirapo m'chipinda chosinthira zovala, likhoza kusunga munthu yemwe anatsala pang'ono kulemba kalata yosiya.

Kwa inu ophunzira, tikuti sungani matikiti anu, sainitsani maola anu tsiku lomwelo, gonani pamene mpata wapezeka, ndipo zikathina nenani msanga. Kuimitsa maphunziro kwa miyezi ingapo mogwirizana ndi yunivesite n'kololedwa, ndipo n'kwabwino kusiyana ndi kungosowa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Amene mukufuna wokuthandizani, komanso anamwino amene muli okonzeka kuthandiza, perekani mayina anu kwa a komiti pa msonkhano ukubwerawu kuti tikulumikizeni.